N'chifukwa chiyani jezi yofiira ikuoneka yakuda pa gemu?

Wolemba: mnzanu wa Fomu 2

Ndapempha malo pabolodi pano kuti tikambirane nkhani imene ambiri timangokanganirana koma osaimvetsa. Aliyense amene anakhalapo pabenchi m'kanyumba ka magemu kumalire kapena paboma akuwadziwa mawu awa: "Aise, TV iyi ndi yakufa, ndapatsira mdani ndimayesa ndi wanga." Munthu wamwa zigoli zitatu, ndalama ya mandasi yapita, ndiye mlandu wonse akuukankhira TV. Ena amakhala akungonamizira, timawadziwa. Koma nthawi zina mitundu imakhaladi yasokonekera, ndipo kawirikawiri TV kapena monita imakhala ilibe vuto lililonse. Vuto limakhala pa chingwe chakumbuyo, kapena pa ma settings amene wina anagwiragwira kenako n'kuiwala.

Nkhaniyi ikutikhudza kwambiri ife a kuno ku Mwanza. Msewu wa M6 ukadutsa pachipata umalowa Zobue, kupita ku Tete, ku Zimbabwe mpaka ku Joni, ndipo katundu wambiri wamagetsi amalowera pomwepa. Achimwene kapena amalume akamabwera ku Joni amanyamula PlayStation yogwiritsidwapo kale ntchito, monita yakale ya mu ofesi, mwina ndi TV. Zingwe zina zimatayika panjira, zina amakagula pamsika. Mapeto ake makina opangidwa m'ma 2000 akulumikizidwa ku TV ya dzana ndi chingwe chimene palibe akudziwa kumene chinachokera. Zikapanda kugwirizana anthu amati chafa, n'kuchiponya kuseri kwa kabati kapena kuchigulitsa motchipa, pamene chikanachira ndi kanthu kakang'ono.

Mitundu itatu basi

Tiyambe ndi sikirini yeniyeniyo. Dontheza kadontho kakang'ono ka madzi pagalasi la foni pamene pakuoneka zoyera, kenako yang'anitsitsa (kadontho kamodzi, osati kuisambitsa foni ya mayi ako). Madziwo amakuza zinthu ngati galasi la mulabu, ndipo pa mafoni ambiri uona timadontho tofiira, tobiriwira ndi tabuluu titandandalikana. Palibe kadontho koyera, palibe kachikasu. Timagetsi titatu timeneti pamodzi timapanga pixel imodzi, ndipo chithunzi chonse ndi ma pixel ambirimbiri. M'Chichewa ena buluu amamutchanso wobiriwira, koma m'nkhani ino ndikati wobiriwira ndikunena wa msipu, ndikati buluu ndikunena wa jezi ya Wanderers.

Kusakaniza kuwala n'kosiyana ndi kusakaniza penti. Penti yofiira ndi yobiriwira zikakumana zimatulutsa mtundu wa matope. Kuwala kofiira ndi kobiriwira kukakumana kumatulutsa chikasu. Kofiira ndi kwabuluu kumatulutsa pinki wopita ku pepo. Kobiriwira ndi kwabuluu kumatulutsa buluu wowala wonga madzi. Magetsi onse atatu akayaka mwamphamvu timaona zoyera, onse akazima timaona zakuda. Chifukwa chake chili m'maso mwathu: muli timaselo ta mitundu itatu tomva kuwala, ndipo ubongo ndi umene umaphatikiza zimene tamvazo n'kunena kuti ichi n'chachikasu.

Kamagetsi kalikonse kamayaka pa milingo 256, kuyambira 0 amene ndi kuzimiratu mpaka 255 amene ndi kuwala kotheratu. Amene mumakonda masamu chulukitsani 256 × 256 × 256. Yankho ndi 16,777,216, ndipo imeneyo ndi mitundu imene sikirini wamba ingathe kuonetsa. Tengani nachesi lakupsa lakwathu kuno. Kuti sikirini ilijambule imayatsa wofiira mpaka pamwamba, wobiriwira chapakatikati, buluu pafupifupi osayatsa. Tsono wofiira akapanda kufika, nachesi lija lioneka lobiriwira ngati laliwisi. Wobiriwira akasowa lioneka lofiira ngati tomato. Buluu akasowa silisintha kwenikweni, poti analibemo gawo. Chitsanzo cha nachesichi muchisunge, tichifuna kutsogoloku.

Chingwe cha mitu itatu ndi mchimwene wake

Chingwe chimene tonse tinakula nacho ndi cha AV, cha mitu itatu: wachikasu, woyera ndi wofiira. Ambiri amaganiza kuti mutu wofiira umanyamula mtundu wofiira. Ayi ndithu. Woyera ndi wofiira ndi a mawu okhaokha, kumanzere ndi kumanja. Chithunzi chonse, kuwala kwake ndi mitundu yake, chimapanikizana mu waya mmodzi wachikasu uja ngati anthu mu minibasi ya tsiku lamsika. N'chifukwa chake pa AV mtundu wofiira umaoneka ngati ukutayikira kunja kwa jezi, ndipo mayina a osewera amavuta kuwerenga, makamaka TV ikakhala yaikulu.

Pali china cha mitu isanu chotchedwa component. Mitu itatu, wobiriwira, wabuluu ndi wofiira, ndi ya chithunzi, iwiri yotsalayo ndi ya mawu. Apa katundu wagawidwa: wobiriwira amanyamula kuwala ndi mdima wa chithunzi, enawo amanyamula za mitundu. Chithunzi chimatuluka choyera bwino kuposa cha AV. Msampha wake ndi wakuti mitu yofiira ilipo iwiri, wina wa mawu wina wa chithunzi, ndipo m'kanyumba kamdima n'kosavuta kuisinthanitsa. Ukasinthanitsanso wabuluu ndi wofiira, nkhope za osewera zimasanduka zabuluu. Ndipo ukatenga mutu wachikasu wa AV n'kuulowetsa pabowo lobiriwira la component, TV zambiri zimakupatsa chithunzi chakuda ndi choyera basi, ngati zithunzi za agogo za nthawi ya Kamuzu.

PlayStation 2, imene inatuluka mu 2000 ndipo mpaka pano ikudyetsa mabanja m'misika yathu, ilibe bowo la HDMI. Ili ndi malo mu System Configuration olembedwa Component Video Out, pamene umasankha RGB kapena Y Cb/Pb Cr/Pr. Pa chingwe cha AV zimenezi sizisintha kanthu. Koma ukamagwiritsa ntchito component, kapena kabokosi kaja kosinthira PS2 kupita ku HDMI, uyenera kusankha chachiwiricho. Ukasankha cholakwika chithunzi chimabwera ndi mitundu yachilendo kapena osabwera n'komwe.

Chinanso chimene chimachotsa mitundu yonse ndi nkhani ya PAL ndi NTSC. Mayiko sanagwirizane njira imodzi yotumizira mitundu pa TV zakale. America ndi Japan anatenga NTSC, pamene South Africa, Malawi ndi mayiko ambiri a ku Ulaya anatenga PAL. Gemu ya NTSC ikalowa mu TV imene imangomva PAL, chithunzi chimatha kubwera chopanda mtundu, nthawi zina chikuthamanga kukwera m'mwamba. Musathamangire kwa wokonza. Tengani rimoti, pitani pa Menu, fufuzani polembedwa Colour System, ikani pa Auto. TV zambiri zimamva zonse ziwiri, zimangofuna kuuzidwa.

VGA, chingwe cha mutu wabuluu

Ichi ndiye ndimachikonda, chifukwa chikadwala chimanena chokha pamene pakupweteka. VGA inayambitsidwa ndi kampani ya IBM mu 1987, ndiye kuti ndi yaikulu kuposa aphunzitsi athu ena. Ndi chingwe chija cha mutu wabuluu ndi timasikuluwu tiwiri m'mbali, chimene chimalumikiza kompyuta ku monita kapena ku pulojekita. Mukasuzumira m'mutu mwake muona timano 15 m'mizere itatu, tisanu pa mzere uliwonse. Pa mzere wapamwamba, dzino loyamba limanyamula wofiira, lachiwiri wobiriwira, lachitatu buluu. Mtundu uliwonse uli ndi njira yakeyake. VGA sinyamula mawu ngakhale pang'ono, ndiye osamaimba mlandu monita kuti bwanji sikulankhula.

Tsono dzino limodzi likapindika, kapena waya wake akaduka m'kati, mtundu umodzi sufika. Kumbukirani nachesi lija. Wofiira akasowa, jezi ya Manchester United kapena ya Liverpool imada bii, mizere yoyera ya pabwalo imasanduka buluu wamadzi, koma udzu umakhalabe wobiriwira, ndiye munthu sazindikira msanga kuti pali vuto. Amangodabwa kuti bwanji timu yake yavala zamaliro. Wobiriwira akasowa ndiye zimaonekeratu: bwalo lonse limada, zoyera zonse zimakhala pinki. Buluu akasowa sikirini imakhala yachikasu ngati pepala lakale, ndipo jezi ya Chelsea ndi imene imada. Njira yachidule yodziwira ndi kutsegula tsamba loyera pa Word kapena pa Paint. Likaoneka pinki wasowa ndi wobiriwira, likaoneka lachikasu wasowa ndi buluu, likaoneka buluu wamadzi wasowa ndi wofiira.

Izi ndinaziona ndi maso kwa amalume anga. Anabwera ndi monita kuchokera ku Joni itakulungidwa m'bulangete, koma atailumikiza zonse zinali pinki. Wina paboma anawauza kuti yapsa m'kati, ndipo anafuna kuigula pamtengo wa nkhuku imodzi kuti akachotsemo zipangizo. Amalume asanavomere anabwereka chingwe china kwa mnzawo wa shopu ya fotokope, ndipo mitundu yonse inabwerera nthawi yomweyo. Titayang'ana chingwe chakale, dzino lachiwiri linali litagona chammbali. Analiwongola pang'onopang'ono ndi kachitsulo kozulira minga, magetsi atazimitsa, ndipo chingwe chomwecho chikugwirabe ntchito mpaka lero. Langizo lina: mukawerenga timano n'kupeza 14, losowalo lili pa mzere wapakati, musadandaule. Zingwe zambiri zimapangidwa choncho, dzino la nambala 9 amalisiya dala. Komanso muzimanga timasikuluwu tija. Chingwe cholendewera n'chimene chimachititsa kuti mtundu uzisintha wina akangogunda tebulo pokondwerera chigoli.

HDMI

HDMI ndi ya masiku ano, ili ndi timano 19 ndipo imanyamula chithunzi ndi mawu pamodzi. PlayStation 3 ya 2006 inabwera nayo, ndipo PlayStation 4 ya 2013 chithunzi imatulutsira pa HDMI pokha. Kusiyana kwake ndi zingwe zinazi n'kwakuti AV, component ndi VGA zimatumiza mphamvu ya magetsi yokwera ndi kutsika, ndiye chingwe chikakhala chachitali kapena chotopa, chithunzi chimafookera panjira. HDMI imatumiza manambala, ma 0 ndi ma 1. Nambala ikafika yafika. Wofiira wa 200 sangasanduke wokongola kwambiri chifukwa chingwe chili ndi mutu wagolide. Ndiye wogulitsa akamakuuzani kuti ichi n'chodula chifukwa chimatulutsa mitundu yowala, sungani ndalama zanu. Chingwe cha HDMI chikawonongeka mumaona timadontho tothwanima, chithunzi chimazimazima, kapena pamangolembedwa No Signal. Nthawi zina sikirini yonse imatha kukhala pinki kapena yobiriwira makina awiriwo akalephera kumvana poyamba, ndipo kawirikawiri kuzimitsa zonse, kuzula chingwe ndi kuchilowetsanso kumathetsa nkhaniyo.

Amene mukufuna kulumikiza PS3 kapena PS4 ku monita yakale ya VGA, dziwani kuti manambala sangasanduke okha magetsi okwera ndi kutsika. Pamafunika kabokosi kotanthauzira, ndipo kamayenda mbali imodzi: ka HDMI kupita ku VGA n'kosiyana ndi ka VGA kupita ku HDMI. Funsani bwino musanapereke ndalama. Ndipo ngati PS3 inazolowera HDMI ndiye mwaipititsa pa TV ya AV n'kukhala mdima wokhawokha, izimitseni, kenako dinikizani batani loyatsira osalisiya mpaka ilire kachiwiri. Imaiwala zakale n'kufufuza chingwe chimene chilipo.

Pamene chingwe chili bwinobwino koma chithunzi n'chosuluka

Apa ndiye pamene ambiri sitidziwa, ndipo ndikupempha muwerenge modekha. Ndanena kuti milingo ndi 0 mpaka 255. Makompyuta ndi mamonita amawerenga choncho, ndipo njirayi imatchedwa Full. Koma a TV ndi mafilimu ali ndi chizolowezi chawo chakale: kwa iwo kuda kumayambira pa 16 ndipo kuyera kumathera pa 235. Imeneyi ndi Limited. Palibe yolakwika pa ziwirizi. Vuto limabwera wotumiza ndi wolandira akamawerenga mosiyana, ngati mmene zimakhalira kumalire wina akutchula mtengo mu meticais pamene mnzake akumva makwacha.

Tiyerekeze kuti PlayStation ikutumiza Limited koma monita ikuyembekezera Full. PlayStation ikati 16 ikutanthauza kuda kwenikweni. Monita ikamva 16 imati, aa, uku si kuda, kuda ndi 0, ndiye imaonetsa kotuwa. Ikamva 235 imaonetsa koyera kosafikapo. Chithunzi chonse chimaoneka chosuluka ngati chitenje chimene chachapidwa zaka zitatu, kapena ngati pali utsi wa lupsa pakati pa iwe ndi sikirini. Tsopano titembenuze. PlayStation ikutumiza Full koma TV ikuyembekezera Limited. Chilichonse cha pansi pa 16 TV imachitenga ngati kuda kumodzimodzi, cha pamwamba pa 235 ngati kuyera kumodzimodzi. Poyamba zimaoneka ngati zokongola, mitundu yamphamvu, ndipo ena amasiya dala choncho. Koma mbali ya bwalo imene ili mumthunzi imasanduka dzenje lakuda, ndipo mu magemu ankhondo mdani wobisala m'chipinda chamdima sumuona mpaka atakumaliza.

Pa PS4 zimenezi zili mu Settings, Sound and Screen, Video Output Settings, pa RGB Range, ndipo Automatic imakhoza nthawi zambiri. Pa PS3 zili mu Display Settings, polembedwa RGB Full Range. TV za Samsung zimati HDMI Black Level, za LG zimati Black Level, ndipo pa zonse ziwiri Low ndiye mnzake wa Limited. Pa kompyuta yokhala ndi khadi la NVIDIA, mu Control Panel yake muli polembedwa Output dynamic range. Makompyuta ena akangoona HDMI amaganiza kuti alumikizidwa ku TV ndipo amatumiza Limited okha, ngakhale ili monita. N'chifukwa chake munthu amatha kudandaula kuti VGA yakale inkaoneka bwino kuposa HDMI yatsopano. Sikuti akunama, koma chingwe sichinalakwe. Lamulo lake ndi lalifupi: Full ndi Full, Limited ndi Limited.

Za pa rimoti sindichedwapo. TV zambiri zimakhala pa Vivid kapena Dynamic, imene anaipangira kukopa ogula m'sitolo. Udzu umawala ngati pulasitiki, ndipo kwa ine maso amayamba kuwawa gemu yachiwiri isanathe. Standard ndi yabwinoko, ndipo ngati pali Game Mode sankhani imeneyo, chifukwa TV imasiya kukongoletsa chithunzi n'kumachionetsa msanga, moti ukadina batani wosewera amamenya nthawi yomweyo. Colour Temperature ikakhala pa Cool zoyera zimapendekera ku buluu, pa Warm zimapendekera ku chikasu. Brightness musamaikweze mpaka kumapeto pofuna kuona bwino masana, imangotuwitsa zakuda. Ndi bwino kutseka katani.

Anzanga a Dream League Soccer ndi Free Fire pa foni, inu chingwe mulibe koma nkhaniyi sikukusiyani. Mafoni ambiri ali ndi Eye Care kapena Night Light, imene imachepetsa buluu kuti maso apume usiku. Ikayaka mwangozi foni yonse imaoneka yachikasu, ndipo ndamvapo anthu akunena kuti sikirini yalowa madzi. Windows 10 nayonso ili ndi Night light yomweyo. Battery saver nayo imachepetsa kuwala, ndiye ukamasewera panja pa nthawi ya buleki jezi zakuda ndi zabuluu zimafanana.

TV zachimbuyo zija, zamimba, zili ndi matenda awoawo. Chithunzi chake chimajambulidwa ndi ma electron amene amawomberedwa pagalasi kuchokera kumbuyo, ndipo maginito amawakhotetsa njira. M'sipika iliyonse muli maginito. Ndiye mukaona pakona pa TV pali chigamba cha pepo kapena chobiriwira, yang'anani chimene chili pambali pake. Kawirikawiri ndi chisipika chachikulu choitanira makasitomala. Chisunthireni kutali, zimitsani TV kwa kanthawi ndithu, ndipo poyatsanso TV zambiri zimadzichotsa zokha chigambacho. Koma chonde, TV yamtunduwu musaitsegule kumbuyo. Imasunga magetsi amphamvu kwambiri ngakhale itazulidwa pakhoma, ndipo akhoza kupha munthu.

Pofufuza vuto sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Ine ndimayamba ndi Menu ya TV kapena ya monita yeniyeniyo, chifukwa imeneyo sidutsa mu chingwe. Ngati Menu ikuoneka ndi mitundu yabwino pamene gemu ili pinki, sikirini ndi yamoyo, ndipo vuto lili pa chingwe, pabowo kapena pa makina otumizawo. Ngati Menu nayonso ndi yapinki, pamenepo ndiye mungayambe kuganiza za wokonza. Kenako gwedezani chingwe pang'ono muone ngati mtundu ukusintha, bwerekani china, yesani bowo lina. Ma settings mumalizire, ndipo musanasinthe lembani papepala mmene zinalili.

Pali anzathu ena amene kwa iwo vuto silili pa chingwe kapena pa TV. Anthu ena amabadwa ndi maso ovutika kusiyanitsa wofiira ndi wobiriwira, ndipo izi zimagwira anyamata ambiri kuposa atsikana. Munthu wotere jezi yofiira pa udzu wobiriwira imamuvuta ngakhale pa TV yatsopano, ndipo mwina iye mwini sadziwa chifukwa chake. Magemu ena atsopano ali ndi malo osinthira mitundu chifukwa cha anthu amenewa.

Ndikudziwa kuti eni ake a tinyumba ta magemu ambiri salola mwana wasukulu kugwira kumbuyo kwa TV yawo, ndipo sindikuwadabwa. Zikatero pali chimene mungachite ndi padi yanu yomweyo. Gemu isanayambe, pa FIFA ndi pa PES pamabwera posankha jezi. Musaumirire yofiira chifukwa choti ndi ya timu yanu. Gwirizanani kuti mmodzi avale yoyera, winayo yakuda kapena yabuluu wakuda. Mtundu umodzi ukasowa yoyerayo isintha maonekedwe, mwina ikhala yapinki kapena yachikasu, koma idzakhalabe yowala kuposa inzake, ngakhale pa TV yopanda mtundu n'komwe.